Mkaka wa Asiyatu

Amayi anga,

Kodi kumene munapitako mukukhalako bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa? Nanga bambo munawapeza, kapena nakonso angokhalira kunyanja ngati mmene ankachitira kuno? Ndine Agnesi wanu. Ndakhala pakhonde panu, dzuwa lili paliwombo, mwana wagona, ndiye ndati ndikuuzeni za kumudzi monga ndinkachitira mukamabwera kuchokera kumapiri, musanatule n'komwe dengu.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkadana ndi munthu wolowa pakhomo ndi zoipa pakamwa. Ndinachira, Amayi. Mimba ija munaisiya ikungoyamba kuoneka inatipatsa mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu, Elina. Watenga chipumi chanu, watenganso ukali wanu. Akafuna bere sapempha kawiri. Bambo ake, apurofesoro anu aja munkawaseka kuti sadziwa kugwira nkhafi, akaweruka kusukulu amafikira kumunyamula choko chili mbuu m'manja, mwana n'kuyera ngati wagwa mu ufa.

Chinangwa cha kudambo chinagwidwa ndi tizilombo toyera, masamba onse kupotana, moti tikudalira cha kumunda wa kumtunda. Usipa unagwa wambiri nthawi yozizira koma mchere kulibe, sabau kulibenso, tikuchapira phulusa. Galimoto za ku Lichinga siziyendanso zokha, zimadikirana mpaka asilikali aziperekeze. Anthu a ku Maniamba akutsikabe kuthawa nkhondo, amanga misasa kuseri kwa tchalitchi mpaka kukafika kumigwalangwa ija. Njira yanu yokasinthira usipa ndi chimanga yamera thengo, palibe akuiponda. Mtanda wa pamanda panu unadyedwa ndi chiswe, mwana wanu Jemusi anaikapo wina wa mlombwa. Thadzi lanu lakuba lija likadalipo, likubabe, ndipo palibe walimba mtima kuligwira pakhosi.

Mwaona mmene ndazungulira. Mukanakhalapo mukanandidula kale n'kunena kuti, iwe Agnesi, thadzi silimene lakukhazika pansi. Zoona. Chandikhazika pansi ndi Asiyatu, mkazi wa Jemusi, ndipo ndikulemba nkhope ili pansi.

Munamubweretsa ndinu mtsikana ameneyu, mwana wa mnzanu wachiYao wa kumapiri amene munkasinthana naye usipa. Mukukumbukira mmene anthu a pagombe pano anang'ung'udzira, ati Jemusi wasowa akazi m'tchalitchi monse kuti akatole mChawa wosadziwa kusesa nsomba. Inu munangoseka, munati kusesa nsomba aphunzira, koma mtima wake enanu simungauphunzire. Mukukumbukiranso pamene anakwera kwawo kukathandiza mayi ake kukolola, anthu a mfuti a kutchire n'kufika, n'kutenga akazi kuti awasenzere katundu. Tinamulira. Anatulukira mwezi utafa n'kubadwanso, atavala chiguduli, mapazi atang'ambika. Inu munatereka madzi, munatseka chitseko cha kumpanda, n'kuima pakhomo manja m'chiuno. Mawu anu a tsiku limenelo ndimawamvabe: “Wofuna kumufunsa mwana uyu funso ayambe wandifunsa ine.”

Palibe anafunsa. Koma mimba yake itaoneka anthu ankawerenga miyezi pa zala mobisa, ndipo miyeziyo sinkayankha, chifukwa Jemusi anali naye mpaka tsiku limene ankanyamuka. Kenaka inu munatisiya, tonse awiri tili ndi pakati. Tsiku limene tinakuikani m'manda, chitseko munatseka chija chinatseguka.

Ine mimba yanga inayamba kupweteka m'mawa, ndipo apurofesoro sanadikire munthu. Anandiperekeza kuchipatala nditavala nsapato ndi nsalu ya kapulana yatsopano. Anamwino aja ochokera kutali kumwera atamva ndikuyankha m'Chipwitikizi anasintha nkhope, anati Dona Agnesi lowani, anandigoneka pabedi, anandifunditsa nsalu yoyera. Ndinabereka bwinobwino. Nditabwerera ndinalowa chikuta m'nyumba mwanu muno, ndipo mukudziwa kuti nyumba ya Jemusi ili kuseri kwake, pakati pali mpanda wa bango basi.

Mchombo wa Elina usanagwe, Asiyatu naye anayamba. Palibe anatchula za chipatala. Anabwera azakhali a Rute, alongo awo a bambo, ndi azamba a kumtunda. Poyamba zinali monga zimakhalira, kumulimbikitsa, kumugwira msana. Koma dzuwa litapendeka mwana asakubwera, mawu a azakhali anasintha. Mwambo wathu mukuudziwa. Mwana akakana kutuluka amati pali mwamuna amene sanatchulidwe, mayi atchule dzina kuti njira itseguke. Ndiye anayamba. Tchula. Tchula, mwana atuluke. Ukufuna kufa ndi mayina m'mimba?

Ndinkamva zonse, Amayi. Bango silibisa kanthu. Ndinamumva akuyankha m'chinyanja chake chopunduka chija, mawu akutha: “Sindiwadziwa. Sananene mayina.”

Azakhali anati kuuma mutu kwa aChawa kumeneko. Dzuwa linalowa, linatulukanso, funso lili lomwelo, yankho lili lomwelo. Jemusi anali pansi pa mango, ukonde uli pamiyendo, akusoka malo osang'ambika. Mawu ake amodzi akanakwana kuti anthu amunyamule mkazi wake, koma naye ankadikira kumva dzina.

Ine ndinakhala pamphasa mwana ali pamiyendo, ndikudziuza kuti wa m'chikuta satuluka, kuti ndikaponda pamene pali magazi a wina mwana wanga adzatupa. Inde, timauzidwa choncho. Koma chinali m'chikuta ndi thupi langa, pakamwa panga panalibe chikuta. Mukundidziwa, ndikamakalipira mbuzi amandimva kugombe. Ndikanatha kukuwa pampanda pomwepo kuti msiyeni, amene mukufunsa mayina awowo anafika ndi mfuti, sanabwere kudzafunsira mbeta. Sindinakuwe. Ndipo poti kwa inu sindingabise, ndinene: khutu langa linali pabango. Nanenso ndinkafuna kumva ngati atchule.

Chinandidzutsa n'chakuti analeka kubuula. Kunangoti zii, azakhali okha ndiwo ankamveka. Pamenepo mantha anandigwira, ndinaitana apurofesoro n'kuwauza kuti mlamu akufa kuseriko. Anapita pansi pa mango, anaima patsogolo pa Jemusi, analankhula mawu osakwana dzanja. Jemusi anaika ukonde pansi. Anamanga machira ndi thanga la bwato, n'kumunyamula. Mwaona, Amayi? Zimene kulira kwa mkazi wa kumapiri kunalephera dzuwa lonse ndi linzake, mwamuna wovala nsapato anazichita asanameze malovu. Ndipo mwamunayo ndinali naye m'nyumba kuyambira tsiku loyamba.

Za kuchipatala ndinamva kwa apurofesoro, zina kwa mwini wake patapita nthawi. Pabedi ndinagona ine paja panali mkazi wa mmodzi wa akuluakulu a asilikali a panyanja, ndiye Asiyatu anamugoneka pakhonde. Anamwino omwe aja ananditi Dona anamukalipira m'Chipwitikizi, kufunsa chifukwa chake anthu a kumapiri amadikira mpaka munthu aole. Iye sanamve ngakhale liwu limodzi, anangoona chala chikumuloza. Apurofesoro sakanalowa kwa akazi kukamasulira. Sindikuwanena anamwinowo, anali okha, maso ofiira ndi kutopa, alibe ngakhale ulusi wokwana, ndipo moyo wake anaupulumutsa ndi iwo. Koma ine ndi Asiyatu tinalowa khomo limodzi mwezi umodzi, wina anafunditsidwa, wina analozedwa chala.

Mwana anatuluka wakufa, wamwamuna. Anakamuika akazi okhaokha monga timachitira ndi mtayo, popanda kulira, popanda nyimbo. Azakhali atabwerako ndinawafunsa monong'ona kuti amafanana ndi yani. Anati sanayang'ane. Funso langa loyamba linali limenelo, Amayi.

Asiyatu anabwerako wamoyo koma atawonongeka m'kati. Mutu wa mwana unakhala nthawi yaitali pamalo amodzi, ndiye unaboola njira. Mkodzo umangotuluka wokha, Amayi, akaima, akakhala, akagona. Sauletsa, saumva n'komwe ukamabwera. Amamanga nsanza, nsanzazo n'kunyowa asanafike kuchitsime. Popanda sabau mungaganize nokha fungo lake. Azakhali anati ndi malipiro a mayina amene anawameza. Anamupatulira kapu yake ndi mbale yake. Jemusi anasamukira kumsasa wa asodzi, ati usipa wachuluka, ndipo sanabwererenso kudzagona m'nyumba. Anthu anayamba kunena kuti abwerere kwawo. Kwawo kuti? Mudzi unatenthedwa, mayi ake palibe akudziwa ngati ali moyo. Ine ndikanakhala ndi nthenda imeneyo, ndikanakhala ndi mwamuna wolemba makalata, ndi tchalitchi, ndi abale mudzi wonse. Iye ali ndi kapu.

Anasiya kuswali. Mukukumbukira mmene ankayalira kamkeka kake kuseri kwa nyumba, inu n'kumathamangitsa ana kuti asamusokoneze? Anandiuza kuti kwawo munthu saima pamaso pa Mulungu asanadziyeretse, ndipo iye sauma ngakhale kanthawi kotsuka m'manja. Kamkekako anakapinda, kali kudenga. Pa ntchito zonse anasankha yoviika chinangwa, kumaenje kuja kumene chimanunkha kale chokha, kuti pasapezeke wogwira mphuno chifukwa cha iye. Ndipo anasiya kumwa madzi. Ankangonyowetsa milomo, kuti adonthe pang'ono.

Tsopano mverani mmene Mulungu anandigwirira. Elina asanakwanitse mwezi, bere langa lakumanja linatupa, linafiira, linachita chithupsa. Ndinagona ndi malungo osadziwa kunja. Ataliboola kuchipatala linauma, ndipo lamanzere, kaya ndi malungowo kaya ndi njala, linangotsala madontho. Apurofesoro anapeza chitini chimodzi cha mkaka waufa kwa mnzawo wa ku boma, chinatha, china sichinapezeke. Tinayesa madzi a mpunga. Mwana anayamba kufota, khungu kukwinyika, kulira kwake kunasanduka kwa kamphaka. Dzina lanu linkatha ndikuona.

Tsiku lina masana ndili kuseri ndikumuyesa mwanayo bere louma, Asiyatu anaima pampanda. Nsalu yake inali yonyowa pansi monga mwa masiku onse, koma inali yonyowanso pachifuwa. Mkaka wa mwana wake uja unali ukubwerabe, wopanda woumwa. Anangotambasula manja. Mukudziwa chimene ndinayamba kuchita? Sindinamuyang'ane kumaso. Ndinayamba ndatembenuka kuona ngati pali wina akutiona. Azakhali amati mkaka wa mayi wa mtayo umapha, ndipo ena akanati mwana wa apurofesoro akuyamwa mChawa wonunkha. Nditaona kuti kulibe munthu, ndinamupatsira mwanayo pamwamba pa mpanda. Elina anagwira bere ngati wakhala akulidziwa, anayamwa mpaka thukuta pachipumi, n'kugona.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikupita naye kumaenje a chinangwa, kuseri kwa thandala loyanikira. Anthu amati Agnesi wayamba khama masiku ano. Asiyatu akationa amasamba m'manja ndi pachifuwa, n'kuitana mwanayo ndi ulemu wonse, poti ndi dzina lanu: bwerani apongozi, mudye. Amamudandaulira ngati akulankhula ndi inu, ati apongozi mwachedwa lero, apongozi musandilume. Ndi nthawi yokhayo imene ndimamuona akuseka.

Koma woyamwitsa sangakhale wosamwa madzi. Anazindikira yekha kuti mkaka ukuchepa, ndiye anayamba kumwa, chikho ndi chikho, dala. Madzi amene akumwera mwana wanga ndi omwewo akumuotcha. Ntchafu zake zasupuka, Amayi, zilonda zafika mpaka m'mawondo, akuyenda motang'aza ngati nkhalamba. Elina akamanenepa iye ndiye akunyeka, ndipo ine ndakhala ndikuziona zonsezi ndi maso anga awiri.

Tsiku lokweza ana sikelo tinapita tonse, poti njira ndi yaitali ndipo mwana akanafuna kuyamwa. Ine patsogolo ndi mwana kumbuyo, iye m'mbuyo patali ngati sitikudziwana. Pachipatala pali mabenchi, ndipo ngakhale palibe analamula, aliyense amadziwa pake. Kutsogolo akazi a asilikali ndi a ogwira ntchito m'boma, kenaka ife a pagombe, kumapeto pansi pafumbi akazi a kumisasa. Asiyatu sanafike ngakhale pafumbipo, anakaima pansi pa mtengo kutsidya kwa njira. Anamwino atamukweza Elina anakondwa, anamunyamula m'mwamba kuonetsa onse, n'kuuza wowamasulira kuti anene: onani mmene amalerera mwana mayi wophunzira, inu a kumapiri tengerani chitsanzo. Akazi anaomba m'manja. Ine ndinamwetulira, Amayi. Ndinati zikomo m'Chipwitikizi. Pobwerera, titangokhota pamene anthu sationa, ndinamasula mwana n'kumupereka kwa mwini mafutawo, ndipo anayamwa.

Nthawi yozizira ikuyamba, akazi a akatekisiti anabwerako ku Likoma kumene anathawira. Ananena kuchitsime kuti nthenda ya Asiyatu si temberero, anaona akazi ena otero pachilumbapo. Ati akawaona kuchipatala cha kumeneko amawakweza sitima kupita kwa dokotala amene amasoka, ndipo ena amabwerako ouma. Osati onse, koma ena. Mawuwo anamupeza Asiyatu kumaenje. Madzulo ake anandifunsa, kamodzi kokha, maso ali pa mwana, ngati munthu wonga iye angaloledwe kuwoloka. Yekha sangathe. Alibe bwato, alibe chikalata cha ulendo chija timati giya, ndipo pamaso pa wa yunifomu pakamwa pake pamauma. Woyenera kumutenga ndi Jemusi, ndipo Jemusi kulibe. Watsala ndine.

Ndinamuyankha kuti tidikire mwera uleke. Sindinaname, mwera unalidi ukuomba, mabwato onse anali pamtunda. Koma m'mimba mwanga munali kuwerenga kwina. Asiyatu akawoloka, Elina adya chiyani? Mwera utaleka ndinati giya ndi yovuta masiku ano. Kenaka ndinati bwato la Jemusi likulowa madzi. Kenaka ndinati kwamveka mfuti cha ku Cobue. Chilichonse chinali ndi kachoonadi kake, n'chifukwa chake ndinkachinena osaphethira. Munkanditcha wa lilime loterera ndili mwana, munkati tsiku lina lidzanditengera kumene miyendo yanga sikufuna. Landifikitsa, Amayi. Miyezi yozizira yatha, kwatentha, mango ayamba kuyezuka, ndipo mlamu wanga akuwolabe miyendo kuti mwana wanga akhute.

Lachiwiri lapitali tinali kumaenje m'mawa. Nyanja inali itagona, mabwato a thanga akupita kumpoto mwakachetechete, wina pambuyo pa mnzake. Ndinaona akuwatsatira ndi maso. Ndinachita mantha kuti afunsanso, ndiye ndinafulumira kuyamba ine, ndinati nyengo ino ndi yonyenga, mphepo imatha kutembenuka masana. Iye anasuntha mwana kumuika bere linalo, anakweza nsalu pang'ono kuti isakhudze chilonda, n'kunena mofatsa:

“Mlamu, mwera unaleka kale. Ndikudziwa chimene tikudikira. Musavutike ndi kufuna mawu. Apongozi ayambe adya phala, ine ndidikira.”

Amayi, akanandimenya ndi chinangwa kumaso ndikanapeza poyambira. Akananditukwana m'chiYao chake ndikanamva kupepuka. Koma analankhula ngati akundithandiza kutula mtolo. Ankadziwa kuyambira tsiku loyamba. Mabodza anga onse ankawalandira n'kuvomera ndi mutu kuti ine ndisachite manyazi, iye amene mudzi wonse umamugwirira mphuno. 

Masana a tsiku lomwelo Elina atalira sindinapite kumaenje. Ndinayala mphasa yanu pakhonde pano, moyang'ana njira, ndinapita kukamugwira dzanja Asiyatu. Anakana, anati anyowetsa. Ndinamukoka. Anakhala, ndinamuika mwana pamiyendo. Azakhali a Rute anali akudutsa ndi mtsuko, ndipo mtsukowo unatsala pang'ono kugwa. Anakuwa kuti ndapenga, ndikupha mwana ndi mkaka wa mtayo. Akazi anatuluka m'mipanda. Pakamwa panga paja ndinapatsekera m'chikuta panatseguka tsiku limenelo, mochedwa. Ndinati mwana ameneyu mwakhala mukumutsina masaya miyezi yonseyi, mukuti wanenepa ngati agogo ake, mafuta onsewo ndi a mChawa uyu, ine mabere anga anauma kalekale. Ndinati akanakhala wakupha mkakawu bwenzi titaika kale maliro. Ndinanenanso zina zimene wamng'ono sanena kwa azakhali ake, ndipo ndidzakapepesa, koma osati sabata ino.

Musandiyamikire. Ngakhale pamenepo sindinamufunse mwini wake ngati akufuna kuonetsedwa kwa anthu. Anakhala chowerama nthawi yonseyo, mwana ali pabere, anthu akumuyang'ana. Atabalalika anadzuka, anaona pamene anakhala, n'kuyamba kupepesa chifukwa cha mphasa yanu. Anafuna kukaichapa. Munthu ndamudyera miyezi yake, ndamudyera khungu lake, ndiye akupepesa ine za mphasa. Ndinalowa m'nyumba kukalira kuti asandione.

Apurofesoro sanadye bwino tsiku limenelo. Ndikudziwa ankaganiza za anzawo a kusukulu ndi akazi awo. Koma m'mawa anavala malaya awo oyera n'kupita ku boma kukapempha giya ya anthu atatu, ndipo awauza kuti ituluka. Ine ndinayenda mpaka kumsasa wa asodzi. Ndinamupeza Jemusi akuyanika usipa, waonda, ndevu zili nyankhalala. Ndinamuuza pamaso pa anzake kuti bwato akuyendera ndi la bambo, si lake yekha, ndipo litiwolotsa iye akhalemo asakhalemo. Ndinamuuzanso kuti dzina limene ankadikira pansi pa mango silidzabwera, chifukwa kulibe. Anangoyang'ana mchenga. Koma dzulo ndamva kuti bwato aligadamiza ndipo akulimata. Kaya akulimatira ife kaya usipa, sindikudziwa. Akakana, pali mabwato ena opita ku Cobue, ndipo kuchokera pamenepo chilumba chimaoneka ndi maso.

Tipita atatu, ine, Asiyatu ndi Elina. Zinali zapafupi chonchi kuyambira kale, kungoti ine sindinkafuna kusiya nyumba yanga, ndi bedi langa, ndi dzina langa la Dona, kukagona pakhonde la chipatala cha eni ake ngati wothawa nkhondo. Mwana wayamba kulawa phala, akulavula koma akumeza lina. Ndili ndi mantha, sindikubisirani. Panyanja pali asilikali amene amafunsa mafunso, ndipo sitikudziwa ngati dokotalayo alikodi, kapena ngati zilonda zachedwa kale. Mwina miyezi imene ndinamudyerayi ndi imene ikanamuchiritsa. Zimenezo ndidzazisenza ndekha.

Nditamuuza Asiyatu za ulendo sanadumphe, sanathokoze, ndipo ndinakondwa kuti sanathokoze. Analowa m'nyumba mwake. Ndinasuzumira. Anali atakwera pamtondo akutsitsa kamkeka kake kudenga. Anakakutumula fumbi, sanakayale, anakamanga pamodzi ndi nsanza zake za paulendo.

Amayi, munandisiyira munthu ndipo sindinamusunge. Munaima pakhomo nokha, nkhalamba ya miyendo yotupa, mudzi wonse n'kukhala chete. Ine ndili ndi sukulu, ndi mwamuna womveka, ndi pakamwa pokalipira mbuzi, ndinakhala pamphasa kumvetsera. Sindikupemphani kuti mundikhululukire, poti wokhululuka si inu. Ndikungopempha kuti ngati kumeneko mumaonana ndi ana amene sanalire, mumufunefune mdzukulu wanu wamwamuna uja, mumunyamule. Musamuyang'ane kuti wafanana ndi yani. Ndikudziwa inu simungatero.

Mwana wadzuka, ndikumumva, ndipo si ine akufuna. Ndilekere pomwepa. Perekani moni kwa bambo. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndimakusowani kwambiri masiku amene ndalakwa, chifukwa palibenso wondidzudzula bwino ngati inu. Ndikulonjezani chinthu chimodzi chokha, poti zambiri sindidzikhulupirira. Tikafika kutsidyako, Asiyatu sakaima pansi pa mtengo. Tikakhala benchi limodzi, phewa ndi phewa, ndipo likanyowa linyowere tonse.

Ndine mwana wanu,
Agnesi